Kukula Kwina n'Kutupa

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, amene mwabwera kudzatsutsa dikirani ndimalize kaye.

Padangokhala nsomba zisanu ndi imodzi m'bokosi la galasi. Bokosilo linali m'chipinda chodikirira kwa dokotala wina wa mano m'tauni, ndipo analiika pamenepo kuti odwala aziyang'ana nsomba n'kuiwala dzino. Sindinamvepo kuti alipo amene anaiwaladi.

Nsombazi zinali za m'kamwa mmodzi. Mtundu wawo mayi amasunga mazira m'kamwa mpaka ana aswe, ndiye mayi awo, a Nangondo, anawalavula onse m'mawa umodzi, nthawi imodzi. Tsiku lomwelo Dzanja linabwera ndi kaukonde n'kuwavuula a Nangondowo, osabweranso. Dzanja limeneli ndi lomwe linkawaza chakudya pamwamba pa madzi m'mawa uliwonse. Mwini wake anawo sankamudziwa, ankangodziwa dzanjalo basi.

M'bokosimo anapezamo a Nkholokolo, nsomba yakale ya ndevu, yokhala pansi pa mchenga. A Nkholokolo anawasonkhanitsa ana amasiyewo n'kuwauza kuti mbumba sikhala yopanda mwinimbumba, ndipo mwinimbumba amakhala wamkulu. Anawo anafunsa kuti wamkulu akhala ndani poti onse anatuluka pamodzi. A Nkholokolo anawazungulira, anawayang'ana, n'kuona mmodzi amene anali wonenepako pang'ono chabe.

"Wamkulu ndi uyu, simukuona nokha?" anatero.

Mawu oti wamkulu ali ndi mitu iwiri. Pali wamkulu wobadwa kale, pali wamkulu wathupi. A Nkholokolo anagwira mutu umene unawakomera, ndipo mwana uja, dzina lake Chimbalanga, anagona ali mnzawo n'kudzuka ali achimwene.

Kenaka a Nkholokolo anawaphunzitsa mwambo. Anati mwini mowa sapereka chipanda kwa alendo asanamweko yekha, amayamba wachotsa ufiti. Anati Dzanja limene linatenga amayi awo si loti n'kulikhulupirira, choncho chakudya chikagwa, mwinimbumba azikwera yekha kukalawa, enawo azidikira pansi mpaka atawaitana. Chimbalanga anavomera ndi nkhope yachisoni, amvekere mutu ukakula sulewa nkhonya. Alongo ndi abale ake anamumvera chisoni kwambiri.

Tsiku loyamba analawa kachidutswa kamodzi. Tsiku lachiwiri analawa tiwiri, poti mwina ufiti unali m'kachiwiriko. Mwezi usanathe, kulawa kuja kunali kutasanduka kudya kokhuta. Zimene zinkagwa m'kamwa mwake zinkamira n'kukatera pa ndevu za a Nkholokolo. Akamaitanidwa enawo, pamwamba pa madzi pankakhala patatsala fumbi lokhalokha.

Ndiye anayamba kukula mosiyana. Chimbalanga anafika ngati zala ziwiri zophatikiza. Anayi anangofika ngati kachala kakumapeto, n'kuima pompo. Wotsala, mtsikana wotchedwa Kasawala, anali ngati njere ya dzungu.

Amene anayamba kung'ung'udza anali Ndaziona, mmodzi mwa anayi aja, mtsikana wa maso akuthwa amene sankakhulupirira ngakhale chithunzi chake pa galasi. Anafunsa kuti zikutheka bwanji ana obadwa tsiku limodzi kusiyana chonchi. Funso linali labwino, koma yankho ndi limene linasochera. Palibe anayang'ana mimba ya Chimbalanga. Ungamuganizire bwanji munthu amene amaika moyo wake pachiswe m'mawa uliwonse chifukwa cha iwe? Enawo anagwirizana kuti ufiti ukumatsalira m'chakudya, ndipo anapita kukawapempha achimwene kuti azilawa mofatsa, asamafulumire. Achimwene anamvera pempholo ndi mtima wonse. Ine pamenepa ndimapsa mtima nthawi zonse ndikamafotokoza.

Enawo sanakulebe. Tsopano anayamba kuyang'anana. Wina akasambira yekha, ankati akukatani kumeneko. Wina akayandikira galasi, ankati akunong'onezana ndi Dzanja. Awiri akakhala pamodzi, awiri enawo ankasuntha pang'onopang'ono kuti amve. Ana a m'kamwa mmodzi anafika posapatsana msana.

Mapeto ake maso onse anakathera pa Kasawala. Ankakhala mu mng'alu wa mwala umene wina aliyense sakanatha kulowamo. Sankadwala, sankalira njala, poti m'kati mwa mng'alumo munkamera ndere zimene ankabudula. Koma kusalira kwakeko ndi kumene kunamugwetsera mlandu. A Nkholokolo anati mfiti yochenjera imayamba yadzifinya yokha kuti isaganiziridwe. Anati matupi a anzake wawapinda n'kuwabisa mu mng'alumo.

Pakona pa bokosilo panali paipi yoyamwa madzi, kukamwa kwake kwakuda, kozungulira ngati pakamwa pa botolo. Chilichonse cholowa mmenemo sichinkabwerera. Chimbalanga analamula kuti mfiti ikapezeka, aikankhire mu paipimo. Kasawala anayang'ana pakamwapo n'kuona kuti akhoza kulowa malo n'kutsalabe.

Anamuitana pa mlandu. Iye sanakane mokalipa, ankadziwa kuti kukalipa n'kumene akukufuna. Anangopempha kuti amuyese.

"Munditsekere mu mng'alu sabata yathunthu, ndisaone chakudya chikugwa," anatero. "Mukakula, mfiti ndine."

Anamutsekera, Ndaziona n'kukhala pakhomo. Koma ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Kasawala nyimbo ankaidziwa. M'mawa uliwonse, achimwene akamakwera kukalawa, mu mng'alumo munkatuluka kanyimbo kapansipansi. Kankanena za pakamwa pamene panasunga ana asanu ndi mmodzi osalumako ngakhale mmodzi, kenaka kankafunsa kuti nanga amene akuwadya lero ndani. Povomera pake panali pafupi, posavuta, ndipo anayi aja ankangozindikira akuvomera, diso lili kumwamba kumene achimwene ankatafuna.

Sabata inatha. Palibe anakula kupatula Chimbalanga. Kasawala anatuluka n'kunena kuti aona okha, iye analibe nacho kanthu chakudyacho. Koma a Nkholokolo anapukusa ndevu. Anati mwala umatchinga thupi, sutchinga mawu, ndipo mwanayu wakhala akulodza ndi nyimbo sabata yonse pamaso pawo. Anayi aja anachita mantha pokumbukira kuti iwonso ankavomera, ndipo aliyense anayamba kunena kuti amene ankavomera mokweza anali mnzake.

Pa mlandu wachiwiri Kasawala anayesa chilungamo. Apa ndi pamene analakwitsa, koma ndani sangayese kamodzi?

"Achimwene, ufiti palibe pano," anatero. "Pali njala. Mawa tikwere tonse, tidye limodzi tsiku limodzi lokha, tione."

Ndaziona ndiye anayamba kuyankha. Anafunsa anzake ngati amva bwino, kuti mwanayu akufuna onse adye chakudya chosachotsa ufiti, afe tsiku limodzi monga anabadwira tsiku limodzi. Chimbalanga anagwetsa nkhope n'kunena kuti zamupweteka kwambiri, iye kumafera mbumba, mbumba n'kumamuwerengera zimene walawa. A Nkholokolo anati umboni wina safunanso. Kasawala anayambanso kanyimbo kake kuti mwina kawafewetsa mitima, koma ulendo uno panalibe wovomera. Anamaliza yekha, ndipo chigamulo chinaperekedwa kuti m'mawa mwake, Dzanja lisanabwere, alowa mu paipi.

Kasawala anachita mantha, tisanamizane. Anakhala pakhomo pa mng'alu wake akuyang'ana kunja kwa galasi kumene odwala ankakhala pa benchi. Anali atawaonera anthu amenewa moyo wake wonse, poti wosadya amakhala ndi nthawi yoyang'ana. Tsikulo anawayang'ana ngati wosaka chinthu, mpaka anachipeza.

Kutacha anamutenga. Anayi aja anamuzungulira, Chimbalanga ali pambuyo, a Nkholokolo akukwawa pansi. Atafika pakona, Kasawala anamva madzi akumukoka mchira. Anapempha kuti aimbe komaliza, ndipo anamulola poti wopita samanidwa mawu.

Anaimba nyimbo yomwe ija, kaimbidwe komweko, koma mawu anali atasintha. Tsopano inali nyimbo ya maliro. Inkalira mlongo wabwino amene akufera mbumba yake osadziwa, inkamutchula dzina, inkafunsa kuti adzamunyamula ndani poti thupi lalemera chonchi. Povomera pake panali pomwe paja, ndipo anayi aja anavomera asanaganize.

"Taima," anatero Chimbalanga. "Ukundilira bwanji ndili moyo?"

"Poti ndikupita, ndiulule," anayankha Kasawala. "A Nkholokolo sananame. Mfiti ndine."

A Nkholokolo anatukula ndevu monyada. Enawo anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Mankhwala anga ndimathira pa chakudya chikangogwa," anapitiriza. "Ndinkafuna nonse. Koma achimwene amalawa bwino kwambiri, sasiya kanthu. Inu anayi mwapulumuka, ndipo thupi lanulo ndiye loyenera msinkhu wathu. Sitinabadwe tsiku limodzi kodi? Anayi ofanana, mmodzi wosiyana. Wodwala ndani pamenepa?"

"Ine ndakula," anatero Chimbalanga.

"Simukukula, achimwene. Mukutupa."

Anawalozera kunja kwa galasi. Pa benchi panali bambo wina, tsaya limodzi lili phwii ngati wabisamo ndimu, atagwira pamenepo akubuula. Kasawala anawafunsa ngati tsaya limenelo lakula. Anati otupa onse amabwera pano, ndipo onse amalowa khomo lam'kati lija. Ali chilankhulire khomolo linatseguka, bamboyo anaitanidwa, ndipo posakhalitsa kunamveka kulira kwa kachitsulo ka dokotala, kenaka kubuula kwa munthu wamkulu.

Chimbalanga anadziyang'ana pamimba. Anakumbukira kuti akamaliza kulawa amamva kulemera, nthawi zina mpweya umamuchepera. Wosusuka aliyense amamva zimenezo, koma iye analibe womufunsa. Anatembenukira kwa a Nkholokolo.

Madala aja anagwira njakata. Ankadziwa bwino kuti mwanayo akunama, koma akanati chiyani? Masiku onsewa anakhala akulumbira kuti ndi mfiti, ndiye lero anene kuti mfiti yake ndi yopanda mankhwala? Anatsegula pakamwa kuti ayese, koma Kasawala anawatsogolera. Anati a Nkholokolo nawonso akumumvetsa chisoni, poti amadya zogwa m'kamwa mwa achimwene, ndipo aliyense aone yekha mmene mimba yawo ikukwekwerezekera pa mchenga. Onse anayang'ana. A Nkholokolo anatseka pakamwa n'kuyamba kudzimvetsera m'thupi.

Chimbalanga anafunsa mankhwala ochiritsa. Kasawala anati iye akafa, ufitiwo ukhala m'chakudya mpaka kalekale, chifukwa ufiti umabwerera podzera pakamwa pa mwini wake pokha. Anati kuti uthe, mfiti iyenera kudya yokha zimene inathira, m'mawa uliwonse, ndipo otupa asale kudya mpaka ataphwa. Atangonena zimenezi anadzigwira ngati walankhula zosayenera, n'kuyamba kudziponya yekha chaku paipi.

"Ndikankheni, chonde. Kuli bwino paipi kusiyana ndi kudya zimenezo."

"Mugwireni," anatero Chimbalanga.

Anamugwira. Mwinimbumba anagamula kuti paipi idikire kaye. Mfiti izikwera yokha m'mawa uliwonse kukadya ufiti wake mpaka uthe, ndipo ukadzatha ndi pamene adzaikankhire. Anaona ngati wagamula mwanzeru kwambiri.

Dzanja linabwera, linawaza chakudya. Kasawala anakwera akulira. Anameza kachidutswa koyamba n'kudzigubuduza. Anameza kachiwiri n'kuphiriphitha mchira. Anadya mpaka mimba inati ndi, akubuula ngati bambo wa tsaya uja, ndipo pansi onse ankamuonera mwamantha. Chinali chakudya chake choyamba chokhuta chibadwire.

Kamimba kake kanali kakang'ono, choncho chakudya chambiri chinkatsala. Chimbalanga ndi a Nkholokolo sankachikhudza, ankabisala kuseri kwa mwala. Patapita masiku, Kasawala anawanong'oneza anayi aja kuti ufiti ukagawidwa pa milomo yambiri umafooka, ndipo atamuthandiza ntchito ikhoza kutha msanga. Onse anakana, anati akufuna kuwapha.

Koma Ndaziona, yemwe uja wokayikira chilichonse, anayamba kukayikiranso kubuulako. Anaona kuti mamba a mfiti ayamba kunyezimira. Anaona kuti ikatsika kuchokera kokadya ufiti, imagona tulo tabwino. M'mawa wina anatola kachidutswa kamodzi kamene kanamira, anakameza mobisa, n'kudikira imfa. Imfa sinabwere. Mawa lake anameza tiwiri. Sanauze aliyense, poti akanauza ndani pakati pa anthu amene sankapatsana msana? Enawo nawonso, aliyense payekha, anachita chimodzimodzi, aliyense akuganiza kuti wakuba ndi iye yekha. Anadzazindikirana tsiku limene onse anayi anagundana mitu pa kachidutswa kamodzi. Anayang'anana, ndipo kuyambira pamenepo ankakwera limodzi ndi Kasawala n'kumabuula naye.

Kuseri kwa mwala Chimbalanga ankasala kudya mokhulupirika. Ankangonyambita fumbi lomwe lija limene kale ankasiyira anzake. Mimba itayamba kulowa m'kati anakondwera, anawauza a Nkholokolo kuti wayamba kuphwa. Nthiti zitayamba kuoneka anakondwera koposa. Akamva kubuula kwa asanu aja kumwamba, ankati mbumba yake ndi yachikondi, yadzipereka kumuthandiza. M'mawa uliwonse ankatumiza funso ngati ufiti watha, ndipo m'mawa uliwonse Kasawala ankayankha kuti watsala pang'ono.

Watsala pang'ono ameneyu anatha miyezi iwiri.

Njala imatsegula maso amene kukhuta kunatseka. Tsiku lina masana Chimbalanga anasuzumira ali kuseri kwa mwala kuja n'kuona nsomba zisanu zonenepa zikuthamangitsana, zikuseka. Anavutika kuti azindikire Kasawala ndi uti, poti anali atafanana ndi anzake, kapena kuwaposa pang'ono m'chiuno. Anawafunsa a Nkholokolo ngati ana amenewo akutupa kapena akukula.

"Wotupa sathamanga choncho," anayankha a Nkholokolo. "Watipusitsa mwana uja."

Chimbalanga anatuluka ali lawilawi. Anaitana mbumba yonse n'kunena kuti chigamulo chija sichinafe, chinangodikira, ndipo tsiku lake ndi lero. Analamula anayi aja kuti amugwire Kasawala. Iwo anayang'ana pansi. Analamulanso, iwo n'kuyang'ana kumbali. Koma sanamuteteze, poti mwambo unali udakali m'magazi mwawo, ndipo mawu a mwinimbumba anali asanatsutsidwepo chiyambire.

Kasawala anawapulumutsa ku manyaziwo. Anati achimwene asavutike, chigamulo ndi chigamulo, apita yekha. Anasambira mpaka pakona, onse akumutsatira. Ngati mtima unkamugunda sindikudziwa, poti anali asanadziyesepo pakamwapo chiyambire kudya. Anaika mutu pa paipi. Madzi anamukoka, mutu unalowa mpaka m'maso, n'kuima. Chimbalanga anamukankha ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira, ndipo zinali zochepa. Thupi linakana. Anamutembenuza kuti alowe cham'mbuyo, mchira unalowa, chiuno n'kutseka pakamwa ponse mpaka paipi inayamba kutsokomola. A Nkholokolo anati ayesere chammbali. Chammbali ndiye zinali zoseketsa, ndipo mmodzi mwa anayi aja anaseka n'kudzigwira msanga.

Kasawala anadzisolola, anadzigwedeza, n'kutembenukira kwa mwinimbumba mwaulemu wonse.

"Pepani achimwene, ndayesetsa, sindikukwana. Komabe munalamula nokha kuti amene ankadya matupi athu alowe umu. Ine ndaoneka kuti si wake wa paipiyi. Kaya mwini wake ndani."

Maso a anayi aja anachoka pa Kasawala n'kupita pa Chimbalanga. Anali wamtalibe, koma anali atatsala mutu ndi minga, wopyapyala ngati tsamba la nsungwi. Masowo anachoka pa iye n'kupita pakamwa pa paipi, anabwereranso pa iye, akuyeza. A Nkholokolo anali atayamba kale kukwawa cham'mbuyo kulowera kuseri kwa mwala.

Ndaziona ndiye analankhula, motsitsa, ngati akudziuza yekha.

"Achimwene akhoza kukwana."

Sanamukankhe. Amene anafikapo pakamwa pa paipi safulumira kukankhirako mnzake, ndipo Kasawala anangosambira n'kuchokapo. Koma mawu aja sanabwezedwe, ndipo Chimbalanga anawamva bwinobwino. Mpaka lero akukhala pakona yakutali ndi paipiyo, msana atautsamiritsa ku galasi. Chakudya chikagwa amafuna kukwera kuti anenepe msanga asamakwanenso, koma kuti akafike pamwamba ayenera kudutsa pakati pa abale ake asanu n'kuwapatsa msana, ndipo zimenezo sanalimbe nazo mtima.

Nthano yanga yafika kumene inkapita. Amene munakwirira mbatata, kaphuleni.